Boma likathimitsa intaneti ponena kuti likuthana ndi zigawenga

Kuno ku Mchinji mawu akuti "chigawenga" samveka chimodzimodzi kwa aliyense. Mnyamata wa kabaza pa Kamwendo akawamva amakumbukira mavidiyo a nkhondo ya ku Cabo Delgado, ku Mozambique, amene amazungulira pa WhatsApp, anthu obisa nkhope atanyamula mfuti. Agogo amene anali kale ndi mabanja m'zaka za m'ma 1970 akawamva amatsitsa mawu. Pa nthawi yawo chigawenga anali munthu aliyense wosemphana maganizo ndi boma, kuyambira nduna zija zinakangana ndi Kamuzu mu 1964. Malire omwewa tikudutsapo lero popita ku Chipata ndi amene a Mboni za Yehova zikwizikwi anawoloka mu 1972 kuthawira ku Sinda Misale ku Zambia, chipembedzo chawo chitaletsedwa mu 1967 ati chifukwa chinkasokoneza bata. Mu December 1981, Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa cha kuno kumalire, boma likuti anawapeza atalowa m'boma la Mchinji, eni ake akuti anachita kubedwa ku Zambia. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Ndayambira kutali chonchi chifukwa nkhani ya kutseka intaneti pofuna kuthana ndi uchigawenga yagona pa mawu amodzi omwewa. Mayiko ambiri tsopano ali ndi malamulo olola boma kuchotsa zolemba, kutseka masamba a mchezo, kapena kuzimitsa netiweki yonse pakachitika chiwembu. Amene akufuna kumvetsa mkanganowu ayenera kufunsa kuti ndani amene amanena kuti uyu ndi chigawenga, ndipo akalakwitsa, wolakwiridwayo amakadandaula kuti.

Choyamba tivomereze kuti zoopsazo zilipodi, chifukwa ena olimbikitsa ufulu amalankhula ngati boma limangopeka. Pa 21 September 2013 gulu la zigawenga za ku Somalia la al-Shabaab linalowa m'sitolo zazikulu za Westgate ku Nairobi n'kupha anthu 67, ndipo anthu akuphedwa mkatimo, gululo linkalemba pa Twitter kudzitama. Kampani ikatseka akaunti imodzi, iwo ankatsegula ina. Pa 15 March 2019 mzungu wina wodana ndi Asilamu anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch, ku New Zealand, atamanga kamera pamutu kuti dziko lonse lionere pa Facebook nthawi yomweyo. Facebook inanena yokha kuti m'maola 24 oyamba inachotsa makope 1.5 miliyoni a vidiyo imeneyo. Munthu uja ankafuna owonera monga momwe ankafunira ophedwa. Ndi momwe uchigawenga umagwirira ntchito: amapha ochepa kuti aopseze ambiri, ndipo chopititsa manthawo patali ndi uthenga.

Ifeyo sitikusowa wotiuza kuti mawu amapha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, ndipo mu 2020 zinabukanso kuno m'chigawo chapakati, pomwe anzathu ku Zambia ankaphana chifukwa cha mphekesera za anthu opopera mpweya wa poizoni m'nyumba. Mauthenga a mawu ankadumpha kuchoka pa foni kupita pa foni usiku, m'mawa mlendo wosadziwika wagendedwa. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkatchula mayina ndi malo obisalamo anthu oti aphedwe. Munthu woti anganene kuti wailesi imeneyo inali kungogwiritsa ntchito ufulu wake, ine sindingamumvere.

Tsono boma likafuna kuchitapo kanthu limatani? Palibe batani limodzi lomwe Pulezidenti amadina ku nyumba ya boma. Intaneti imatifika kudzera m'makampani ochepa, kuno kwathu makamaka Airtel ndi TNM, ndipo kampani iliyonse imagwira ntchito ndi chiphaso chochokera ku bungwe loyang'anira zamauthenga, kwathu MACRA. M'mayiko momwe kuthimitsa kwachitika, kalata imachoka ku bungwe loterolo kupita ku makampani, ndipo kampani yoopa kulandidwa chiphaso imamvera. Nthawi zina amazimitsa zonse, foni n'kusanduka tochi. Nthawi zina amangochepetsa liwiro kuti uthenga wolemba udutse koma vidiyo ikanike, ndipo njira imeneyi maboma amaikonda chifukwa munthu amangoti netiweki yavuta lero. Nthawi zina amatseka Facebook ndi WhatsApp zokha. Kusiyana kwake n'kofunika kwa ife: kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba poyimba timanambala tija sikudalira bandulo, choncho intaneti yokha ikatsekedwa ejenti wa pa Mkanda akhoza kupitiriza ntchito, koma nsanja za netiweki zikazimitsidwa ndiye kuti ndalama, foni ya ambulansi ndi ya apolisi zonse zapita limodzi.

Pali chifukwa china chimene maboma amathamangira kutseka WhatsApp yonse. Mauthenga ake amakhala okiyidwa kuchoka pa foni ya wotumiza mpaka pa foni ya wolandira, moti kampani ya netiweki siingawawerenge panjira. Boma silingasankhe uthenga woipa umodzi n'kuusiya wabwino. Limatsala ndi kutseka khomo lonse, kapena kugwira munthu n'kumulanda foni.

Kodi kuthimitsako kumathandiza? Tiyeni tione komwe anayesa. Pa Isitala, pa 21 April 2019, mabomba anaphulika m'matchalitchi ndi m'mahotela ku Sri Lanka n'kupha anthu oposa 250. Tsiku lomwelo boma linatseka Facebook, WhatsApp, YouTube ndi masamba ena kwa masiku 9, ponena kuti likuletsa mabodza amene akanayambitsa kubwezerana. Anthu ambiri kunja anawomba m'manja. Koma amene ankafunafuna abale awo m'zipatala anasowa polumikizirana, pomwe ochenjera anangoika VPN, pulogalamu yozembetsa uthenga kudzera dziko lina, n'kumapitiriza. Chinadzaululika pambuyo pake n'chowawa: akuluakulu a chitetezo anali atachenjezedwa ndi dziko la India masiku angapo chiwembucho chisanachitike, ndipo sanachitepo kanthu. Mu January 2023 khoti lalikulu la dzikolo linalamula amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, Maithripala Sirisena, kulipira chipepeso chifukwa cholephera kuteteza anthu. Chimene chinaphetsa anthu sichinali kuchuluka kwa mauthenga pa foni za anthu wamba. Unali uthenga umodzi umene unafika pa tebulo loyenera n'kungokhala pamenepo.

Ku Nigeria, mu May 2013, asilikali anazimitsa netiweki ya foni m'zigawo za Borno, Yobe ndi Adamawa kuti zigawenga za gulu la Boko Haram zisamalumikizane. Maganizowo si opusa, poti zigawenga zimagwiritsadi foni pokonza ziwembu. Koma mu July chaka chomwecho zigawengazo zinalowa pa sukulu ya Mamudo ku Yobe n'kupha ana ambiri, ndipo akuluakulu a chigawocho anadandaula kuti anthu amene anaona zachilendo analibe njira yodziwitsira asilikali. Foni imene chigawenga chimayimbira mnzake ndi yomweyo imene mayi wa m'mudzi amayimbira apolisi. India nayo inazimitsa intaneti ku Kashmir mu August 2019, ndipo intaneti yothamanga inabwerera mu February 2021, patatha chaka ndi theka. Ganizirani mwana wa Fomu 4, kapena mlimi wa soya wofuna kudziwa mtengo wa ku Lilongwe mavenda asanamunamize, akukhala miyezi 18 chonchi.

Mayiko a ku Ulaya anatenga njira ina, yosatseka msewu koma yokakamiza eni masamba kusesa. Lamulo la European Union limene linayamba kugwira ntchito mu June 2022 limapatsa kampani ola limodzi lokha kuti ichotse zinthu za uchigawenga ikalamulidwa. Mu 2017 Facebook, Microsoft, Twitter ndi YouTube anapanga mgwirizano wogawana zidindo za mavidiyo ndi zithunzi za zigawenga, kuti chochotsedwa pa tsamba limodzi chizindikirike msanga pa lina. Njira iyi ndi yabwinopo kuposa kuzimitsa dziko lonse, ndipo pa vidiyo ngati ya Christchurch ndikugwirizana nayo ndi mtima wonse. Vuto lake ndi lakuti ola limodzi silikwanira kuti munthu aone bwino, ndiye ntchitoyo imasiyidwa kwa makompyuta, ndipo kampani yoopa chindapusa imachotsa chilichonse chokayikitsa. Mu 2017 momwemo YouTube inachotsa mavidiyo ambirimbiri a nkhondo ya ku Syria, ena mwa iwo ojambulidwa ndi anthu amene ankasunga umboni wa nkhanza kuti tsiku lina akauonetse kukhoti. Kompyuta imaona mfuti ndi magazi, siiona kuti wojambulayo akunyadira kapena akulira. Ngati izi zimachitika pa Chiarabu, chinenero cha anthu mamiliyoni mazanamazana, nanga Chichewa chathu cha zining'a ndi mikuluwiko, kapena Chinsenga cha tsidya linalo?

Koma komwe mtima wanga uli ndi pa njira yachitatu, yomanga munthu chifukwa cha zimene walemba. Apa ndi pamene mawu aja akuti "chigawenga" amatanuka ngati legeni.

Mpaka lero mayiko a m'bungwe la United Nations sanagwirizane tanthauzo limodzi la uchigawenga, choncho dziko lililonse limadzilembera lake. Nelson Mandela anakhala pa mndandanda wa dziko la America wa anthu oganiziridwa uchigawenga mpaka 2008, atalamulira kale South Africa n'kupuma. Ethiopia inakhazikitsa lamulo lothana ndi uchigawenga mu 2009, lokhala ndi mlandu wa "kulimbikitsa" uchigawenga umene unalembedwa motambalala kwambiri. Mu 2012 mtolankhani Eskinder Nega anagamulidwa zaka 18 pa lamulo limeneli, ndipo mu 2014 achinyamata olemba pa intaneti a gulu la Zone 9 anamangidwa n'kuzengedwa milandu ya uchigawenga. Chida chawo chinali kiyibodi. Egypt mu 2015 inaika chindapusa chachikulu kwa aliyense wofalitsa nkhani ya chiwembu yosiyana ndi imene boma lanena, kutanthauza kuti boma likati afa asanu pomwe mtolankhani wawerenga mitembo makumi awiri, wolakwa ndi mtolankhani.

Nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya ku Cameroon. Dzikolo linapanga lamulo lake mu 2014, Boko Haram itavuta kumpoto. Anyamata atatu anatumizirana uthenga wanthabwala pa foni, wonena kuti ntchito zasowa moti ngakhale a Boko Haram sakulemba munthu wosakhoza mayeso. Mphunzitsi anauona uthengawo, nkhani inafika kupolisi, ndipo mu 2016 khoti la asilikali linawagamula zaka khumi aliyense. Nthabwala yotereyi ana athu amatumizirana tsiku ndi tsiku, ndipo chimene ankadandaula anyamatawo ndi ulova, osati china. M'dziko lomwelo mtolankhani wa wailesi ya RFI, Ahmed Abba, amene ankaulutsa nkhani za Boko Haram m'Chihausa, anamangidwa mu 2015 n'kukhala m'ndende mpaka kumapeto kwa 2017.

Ndipo si zakutali zokha. Nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, inayamba mu October 2017 ku Mocímboa da Praia, ndipo yathamangitsa anthu mazana a zikwi m'midzi mwawo. Zigawengazo n'zenizeni, nkhanza zake n'zosaneneka, mpaka SADC ndi Rwanda anatumizako asilikali mu 2021. Koma atolankhani ofuna kufotokoza zimene zikuchitika akumana ndi zokhoma kuchokera mbali ya boma. Amade Abubacar anamangidwa mu January 2019 akujambula anthu othawa nkhondo. Ibraimo Mbaruco, wa wailesi ya m'dera ku Palma, anasowa pa 7 April 2020 atatumiza uthenga kwa mnzake wakuti wazunguliridwa ndi asilikali. Dera likakhala mumdima chonchi, amene amapindula ndi awiri: chigawenga chimene chimafalitsa mabodza ake popanda wotsutsa, ndi msilikali wochita nkhanza popanda womuona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga malamulo athu akuti chiyani? Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula zakukhosi, gawo 36 limateteza atolankhani, gawo 37 limapereka ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi mafoni ake. Ufulu umenewu uli ndi malire, ndipo gawo 44 ndi limene limanena momwe malirewo ayenera kukhalira: akhale olembedwa m'lamulo, akhale omveka, akhale ovomerezeka pa mfundo za ufulu wa anthu za dziko lonse, ndipo akhale ofunikadi m'dziko la demokalase. Liwu lakuti "ofunikadi" ndi lolemera. Silikutanthauza chimene chili chophweka kwa boma. Ngati pali njira ina yochepa ululu yofikira cholinga chomwecho, monga kumanga munthu mmodzi amene akuitanira anthu ku chiwawa, ndiye kutsekera anthu onse a m'boma la Mchinji pakamwa sikungatchedwe kofunika. Mfundo yomweyi ili m'pangano la mayiko la ufulu wa anthu lotchedwa ICCPR, gawo 19, limene Malawi anavomera, ndipo mu 2019 bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linalemba poyera kuti maboma asamazimitse intaneti kwa anthu onse kapena kwa chigawo cha anthu.

Pansi pa malamulo aakuluwo pali lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Gawo 24 la lamuloli limavomereza ufulu wolankhula pa intaneti, kenaka limatchula zifukwa zochepetsera ufuluwo. Zina n'zomveka kwa aliyense, monga zithunzi zolaula za ana ndi kuitanira anthu ku chiwawa. Koma mulinso "bata" ndi "chitetezo cha dziko", mawu otakata amene boma lililonse lingalowetsemo chimene lafuna. Gawo 87 limaika mlandu wa uthenga wonyoza kapena wosowetsa mnzako mtendere, chilango chake K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende, ndipo anthu amangidwapo pa lamuloli chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi WhatsApp zokhudza atsogoleri. Onjezerani kuti kuyambira 2018 simukhadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, choncho nambala iliyonse ili ndi nkhope. Kulembetsako kumathandiza kugwira akuba a pa foni, sindikukana. Koma zikutanthauzanso kuti zida zonse zopezera wolemba uthenga zilipo kale, ndipo chotsala ndi chilolezo chozigwiritsa ntchito.

Wina angati Malawi si Ethiopia, ife tili ndi makhoti olimba. N'zoona ndithu kuti tayenda ulendo. Mu 1992 kungopezeka ndi kalata ya maepiskopi ija unali mlandu, koma mu 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa milandu ya kuukira boma ndi pakamwa m'malamulo athu. Komabe tikumbukire zinthu ziwiri za m'nthawi ya matipate momwe muno. Pa zionetsero za 20 July 2011, pamene anthu pafupifupi 20 anaphedwa, MACRA inaletsa mawailesi kuulutsa zochitikazo pompopompo, pa nthawi yomwe munthu amafunitsitsa kudziwa msewu woti apewe. Ndipo mu June 2003 amuna asanu ochokera kunja anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti amathandiza al-Qaeda. Khoti linaletsa kuwatulutsa m'dziko, koma anatulutsidwabe, ndipo patapita milungu ingapo anamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse. Liwu la uchigawenga litangotchulidwa, chigamulo cha khoti chinapepuka ngati tsamba louma. Ku Mangochi kunabuka zipolowe chifukwa cha nkhaniyi, ndipo Asilamu ambiri anaona ngati onse aikidwa m'thumba limodzi. Ili ndi bala lina la malamulo otambalala: sagwera aliyense mofanana, amayamba ndi amene dzina lake, chovala chake kapena chipembedzo chake chikufanana ndi cha munthu woopedwayo.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti komwe anthu anapita kukhoti msanga, makhoti ambiri anaima nawo. Kenya, dziko limene lalira maliro a uchigawenga kuyambira bomba la ku ofesi ya kazembe wa America mu 1998, inapanga lamulo la chitetezo mu December 2014 loletsa kufalitsa nkhani ndi zithunzi zina za ziwembu popanda chilolezo cha apolisi. Mu February 2015 khoti linathetsa zigawo zimenezo. Ku India, mu January 2020, khoti lalikulu linagamula kuti intaneti singatsekedwe popanda tsiku lotsegulira, ndiponso kuti lamulo lotseka liziikidwa poyera kuti anthu athe kulitsutsa. Khoti la ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, linapeza dziko la Togo lolakwa pa kuzimitsa intaneti mu 2017, ndi Nigeria pa kutseka Twitter mu 2021. Makhoti amenewa sananene kuti boma lingoyang'ana zigawenga zikuchita zofuna zawo. Anati boma lionetse lamulo limene likutsata, linene chifukwa, liike malire a nthawi ndi malo, ndipo lilole woweruza aone ngati zikumveka.

Chitsanzo chapafupi kwambiri tinachiona tokha kuno kumalire. Pa 12 August 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinasiya kugwira kumeneko. Kunalibe chigawenga, kunali mavoti basi, koma makina ndi njira zake zinali zomwezija. Ambiri kuno tili ndi azakhali, apongozi ndi makasitomala ku Chipata, ndipo mauthenga opita tsidya linalo anangoima pa kachizindikiro kamodzi. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la Chapter One Foundation linathamangira kukhoti ku Lusaka, khoti linalamula kuti masambawo atsegulidwe, ndipo anatsegulidwa. Mlanduwo unatha mu 2022 ndi mgwirizano wosainidwa kukhoti, wakuti bungwe loyang'anira zamauthenga la dzikolo silidzasokonezanso intaneti kunja kwa lamulo, ndipo intaneti ikasokonekera lizifotokozera anthu chifukwa chake pasanathe maola 36.

Ndime yotereyi ndi imene ndikufuna kuiona italembedwa m'malamulo athu kudakali bata, pamodzi ndi ina yonena kuti lamulo lotseka lizidutsa kaye pamaso pa woweruza ndipo lizikhala ndi tsiku lothera. Aphungu athu a ku Mchinji akabwera kumisonkhano ya chitukuko timawafunsa za feteleza ndi milatho, ndipo n'koyenera. Ulendo wina ine ndidzaimika dzanja n'kufunsa za gawo 24 la lamulo la 2016 lija.